Mtumwi wa pa Chitseko

Pamene akulu a mpingo wa ku Antiokeya anamusanjika manja kuti akhale mtumwi, Dositeyo sanadzinamize. Ankadziwa kuti chimene anthu aja anaona pa iye si lilime ayi, koma miyendo. Asanabatizidwe anali wamthenga wa munthu wina wogulitsa nsalu, ndipo ankati akanyamuka m'bandakucha, dzuwa likamapendeka n'kuti atadutsa midzi imene wina akanagonera panjira. Tsono mpingo utafuna munthu wokafikitsa Mawu kumapiri a kum'mawa, kumene ngakhale abulu amakana njira, maso onse anagwera pa akatumba ake.

Ulaliki anali nawo, inde. Umodzi. Anausoka pang'onopang'ono ngati zigamba, apa mawu a mkulu uyu, apo a mkulu uja, mpaka unakhala chovala chooneka bwino ndithu. Unkayambira pa Abrahamu, n'kudzera kwa aneneri, n'kukathera pa manda opanda mtembo, ndipo pakatikati panali malo amene ankakweza dzanja n'kukhala chete kuti amayi alire. Tsiku loyamba ankaupereka wonse. Tsiku lachiwiri ankaupereka chobwerera, kuyambira kumanda kukathera kwa Abrahamu, anthu n'kumati, "Koma munthu uyu ndi chitsime!" Tsiku lachitatu n'kuti ali kutali.

N'chifukwa chake mwambo wathu uja wa atumwi oyendayenda panalibe woukonda kuposa iye. Mtumwi tinkamulandira ngati talandira Ambuye amene. Kugona, agone kamodzi, zikavuta kawiri. Koma akagona kachitatu pamudzi womwewo, ameneyo ndi wonama, wadzera mimba. Atumwi ena ankadandaula kuti mwambowu ndi wouma. Dositeyo ankangoti, "Mlendo ndi mame, abale," nkhope ataifatsitsa, koma mumtima ankadalitsa amene anauganiza. Chitsime chake ankachidziwa kuya kwake: madzi olekeza m'kakolo.

Ku Zaita anafika nthawi yokolola azitona. Mpingo wa kumeneko unali wa mabanja ochepa, ndipo unkasonkhana m'nyumba ya Zebina, woyenga mafuta, munthu wamkulu thupi koma wamanyazi. Woyang'anira anali a Barilaha, nkhalamba yowonda ngati mtengo wa mphesa wopanda masamba. Chaka china kunabwerapo munthu wodzitcha mtumwi amene anakhala dzinja lonse, anamaliza nkhuku za abale, nachoka ndi chofunda cha a Barilaha omwewo. Kuyambira pamenepo nkhalambayo inkayang'ana mtumwi aliyense monga mmene nkhuku ya anapiye imayang'anira mthunzi wa kabawi.

Komabe ulaliki unagwira. Unagwira mpaka Salimati, mkazi wa Zebina, amene kwa zaka zambiri ankaphikira mpingo koma ubatizo akuukana. "Mulungu wanuyu ndimamuphikira, kodi sizikukwana?" ankatero. Tsiku limenelo analira pamalo pake penipeni polirira, ndipo kutacha Dositeyo anamubatiza pakasupe wa kumunsi kwa mudzi, m'madzi ozizira oti mano n'kumagundana.

Atagona kawiri, m'mawa anatenga mkate wake wa barele, nauika m'thumba, mpingo wonse n'kumuperekeza. Tsono Dositeyo anali ndi kachizolowezi kamene anakaonera kwa mkulu wina padoko: potsazika ankayenda chafutambuyo, manja ali m'mwamba, akudalitsa anthu. Zinkaoneka bwino kwambiri. Chimene sanaone n'chakuti kumbuyo kwake, pafupi ndi choyengera, antchito a Zebina anali atakhuthula nsenga za azitona.

"Mtendere wa Ambuye ukhale ndi..."

Teree! Mwendo umodzi unapita ku Antiokeya, wina unalowa pakati pa miyala iwiri. Panamveka kuti thyo! ngati nthambi youma, mtumwi ali chagada, mkate uko.

Salimati ndiye anaongola fupalo, nalimanga ndi timitengo. Pamene ankakoka phazi, Dositeyo anakuwa dzina, koma silinali la Ambuye. Linali la mulungu wa amayi ake, amene iye anamusiya kalekale. A Barilaha anali pomwepo. Anatembenuzira kwa iye khutu lawo logontha, ndipo pa chifundo chonse chimene Dositeyo anachitiridwa m'moyo wake, chimenechi sanachiiwale.

Dzuwa litafika pamutu, nkhalamba ija inatsokomola.

"Abale, sindikufuna kuoneka woipa. Koma lero akagona muno, kakhala kachitatu."

"Akulu, munthu wathyoka mwendo," anatero Zebina.

"Uja wa chofunda changa anati msana."

"Koma uyu tonse tamva fupa likulira!"

"Ndamva, ngakhale ndi khutu limodzi. Koma mwambo sunati kupatula wa mwendo. Tikautsegulira kakhomo lero, mawa atumwi onse adzafika kuno akutsimphina."

Salimati anaika mtsuko pansi. "Dikirani kaye. Akakhala wonama, ubatizo wanga uja ukhala chiyani?"

A Barilaha anakanda ndevu. "Pamenepo ndiye pofunika kuganizira, mayi."

"Muganizire msanga. Madzi aja ine sindibwereramonso. Kaya kubwere mngelo."

Dositeyo anamva kuti apa ndi poti mtumwi aonetse chimene ali. "Abale, musakangane chifukwa cha ine," anatero ndi mawu ake a paulaliki. "Ndipatseni ndodo. Amene anandituma adzandiyendetsa." Anamupatsa. Anaimirira, naponda kamodzi, ndipo chimene anaona kenako ndi denga ndi nkhope ya Salimati akumuwaza madzi.

"Mwayenda bwanji, atumwi?" anafunsa mayiyo.

Zebina anati amugoneke kakhumbi ka kumunda, kuseri kwa mwala wa malire, mawa adzamubweze. A Barilaha anakana, anati Mulungu si mwana woti n'kumubisira nkhuyu kumbuyo. Ngati n'kuchoka, achoke ndithu, apite mudzi wina. Mudzi wapafupi unali Guba, kutsidya kwa chigwa. Kumeneko kunalibe wokhulupirira ndi mmodzi yemwe, onse ankapereka nsembe kwa mulungu wa paphiri, koma kunali Mokimu, mchimwene wake wa Salimati, woweta mbuzi.

"Akagone kwa achimwene kawiri, abwere kuno kawiri, mpaka fupa ligwirane," anatero Salimati. "Akafika kuno ndiye kuti wafika kumene. Kapena pali chinanso, akulu?"

A Barilaha anavomera monyinyirika.

Machira panalibe, choncho anazula chitseko cha nyumba ya Zebina. Anamugoneka pamenepo, Zebina ndi antchito ake atatu n'kusenza, ulendo wotsika chigwa. Dositeyo, munthu amene ankapitirira apakavalo pachitunda, ankaona mitambo yokha ndi makhwapa a anthu. Anayesa kudzitonthoza kuti mafumu nawonso amanyamulidwa, koma anakumbuka kuti enanso amene amanyamulidwa chogona ndi maliro.

Anthu a ku Guba anaganiza zomwezo. Amayi anayamba kale kumasula tsitsi, mpaka mtembo unadzutsa mutu n'kupereka moni.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" anafunsa Mokimu, atatuluka m'khola.

"Ndi mtumwi, alamu," anayankha Zebina, maso ali pansi.

"Mtumwi ndiye kuti chiyani?"

"Wotumidwa. Wamthenga wa Ambuye wathu."

Mokimu anazungulira chitseko chija pang'onopang'ono ngati akugula mbuzi. "Wamthenga. Ndiye uthengawo ukakhala wachangu mumatani, mumathamanga naye?"

Mudzi wonse unafa nacho chiseko. Koma Mokimu sanali munthu wothamangitsa mlendo wa mlongo wake. Anamupatsa pogona, mkazi wake Akima n'kumuphikira mphodza. Madzulo anthu anadzaza bwalo kudzaona wamthenga wopanda miyendo, ndipo Dositeyo anati mwayi ndi umenewu. Anamutsamiritsa kukhoma, nayamba.

"Kholo lathu Abrahamu..."

"Wa mudzi uti?" anafunsa wina.

"Wa kale kwambiri. Anachoka kwawo kwa atate wake..."

"Anapalamula chiyani?"

Pofika kwa aneneri n'kuti theka la anthu litapita kukatsekera mbuzi. Pamalo okweza dzanja paja anakweza, nakhala chete. Panalibe analira. Akima anaganiza kuti akupempha madzi, nabwera nawo.

Atabwerera ku Zaita, mpingo unamulandira monga mwa mwambo, ngati mlendo wofika kumene. Anamusambitsa phazi limodzi lomwe linkasambitsika, kenako onse anakhala pansi kudikira Mawu. Apa m'pamene Dositeyo anazindikira dzenje limene anagweramo, loposa la mwendo lija. Mtumwi akafika amalankhula, ndipo iye anali woti azifika, n'kumafikabe, mpaka fupa ligwirane.

Ulendo umenewo anayambira pakati. Ulendo wotsatira anasintha mawu apa ndi apo, ngati munthu wotembenuza malaya kuti aoneke atsopano. Koma tsiku lina ali mkati molankhula anaona milomo ya abale ikuyenda pamodzi ndi yake. Asanakweze dzanja, mayi wina wokalamba anali atakweza kale lake. Ndipo atapuma pang'ono kuti ameze malovu, a Barilaha, maso ali chitsinzire, anamumalizira chiganizo.

Dositeyo analeka.

"Abale," anatero, ndipo mawu a paulaliki aja anamuthawa, kunatuluka mawu ake enieni, opyapyala, a wamthenga wa nsalu. "Ndi umenewu basi. Wina ndilibe. Ngakhale umenewu si wanga, ndinachita kutolera. Ku Antiokeya anatuma miyendo, pakamwa panangotsatira."

Anayembekezera kuti a Barilaha anena mawu aja, akuti wonama. Koma amene anayankha ndi Salimati, ali kumoto.

"Zimenezo tinazidziwa tsiku lachiwiri lija, atumwi. Munthu wophika amadziwa ndiwo za dzulo, ngakhale muzitenthetse bwanji."

"Nanga bwanji munabatizidwa?"

"Zinali zokoma dzulo lakelo. Idyani, mphodza zikuzizira."

Anadya. Manyazi anali atamugwira pakhosi, koma anadabwa kuona kuti mphodza zikudutsa bwinobwino.

M'mawa mwake, akukwera chitunda cha ku Guba, onyamula aja anamutsitsa pamthunzi wa mkuyu kuti apume. Mapewa awo anali atasupuka, ndipo ntchito ya mafuta inali kutsalira m'mbuyo. Zebina anapukuta thukuta, nafunsa mwaulemu wake uja.

"Atumwi, pepani. Abrahamu tamumva, aneneri tawamva. Koma pa zonse zimene Ambuye anachita, palibe kanthu kokhudza anthu onyamula anzawo? Kangachepe."

Dositeyo anati ayankhe kuti palibe, koma anakumbuka nkhalamba ina. Ku Antiokeya kunali msodzi wokalamba wa ku Galileya, wopanda mano, amene ankagona pakhonde la nyumba yosonkhanira. Ankakonda kugwira anthu malaya n'kumawauza zimene anaona ali mnyamata, uku akuseka, malovu akuthothoka. Dositeyo ankamuthawa. Nkhani zake sanaziike mu ulaliki chifukwa zinalibe poyambira pabwino, ndiponso munthuyo ankanunkha nsomba.

"Kalipo kena," anatero mokayika. "Akuti Ambuye anali m'nyumba ina, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Kunabwera amuna atanyamula mnzawo wopuwala. Polowera panalibe. Ndiye anakwera naye padenga, n'kusasula."

"Denga la eni ake?"

"La eni ake. Amene anandiuzayo anali m'katimo, akuti dothi linamugwera m'diso, ndipo mpaka ukalamba ankationetsa disolo. Anamutsitsa mnzawoyo ndi zingwe mpaka pamapazi pa Ambuye. Tsono akuti Ambuye asanayang'ane wodwalayo, anayamba ayang'ana m'mwamba, pachiboo paja, pamene panali mitu ya onyamulawo. Ndipo chimene anaona pa iwo n'chimene chinamudzutsa munthu uja."

Amuna anayi aja anayang'anana. Mmodzi anaseka, wina anafunsa ngati wopuwalayo anali wolemera ngati ena ake. Ponyamukanso, chitseko chinakwera phiri mwamsanga moti Dositeyo anachita kugwiritsa m'mphepete.

Ku Guba, iye asanatsegule pakamwa, Zebina wamanyazi uja anali atayamba kale kufotokozera alamu ake nkhaniyo, manja akusasula denga la m'malere. Mokimu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana denga lake.

"Nanga denga lija anakonza ndani?"

Onse anatembenukira kwa mtumwi.

"Sindidziwa," anatero Dositeyo. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa chisanjikidwire manja, ndipo thambo silinagwe.

"Hm. Inu anthu a Ambuye ameneyu, mukafuna kulowa muno muzigogoda," anatero Mokimu. Koma sanapite kukhola. Anakhala pansi. "Anachitanso chiyani china?"

Kuyambira tsiku limenelo msodzi wopanda mano uja anayamba kubwerera m'mutu mwa Dositeyo, kachidutswa lero, kena mawa. Zina ankazikumbuka theka, n'kunena kuti theka linalo linatsala ku Antiokeya. Anthu ankamufunsa zimene sanaziganizepo: ngati Ambuye ankadya nyama ya mbuzi, ngati anali ndi alongo, ngati ankakwiya. Tsiku lina masana, bwalo lili lopanda anthu, Akima anabwera ndi lichero la mphodza kudzasankhira pafupi naye.

"Mwana wathu wamkazi anamwalira chaka chatha," anatero kenako, osadzutsa mutu. "Wa paphiriyu tinamupatsa mbuzi yabwino koposa. Wanuyo amati chiyani za ana akufa?"

Dositeyo anafufuza mu ulaliki wake wonse, kuyambira kutsogolo, kuyambira kumbuyo, osapezamo choti n'kupatsa mayi ameneyu. Chimene chinabwera ndi cha msodzi uja basi.

"Ndinamva kuti anafikapo pamaliro a kamtsikana. Anatulutsa olira onse, n'kukagwira dzanja, ndipo kanadzuka. Koma amene anandiuzayo chimene ankakonda kubwereza si chimenecho. Akuti anthu onse ali kakasi, Ambuye anati, kapatseni chakudya, kali ndi njala."

Akima anasiya kusankha. "Anakumbuka zoti kali ndi njala?"

"Anatero amene anandiuza."

"Nanga wanga bwanji sanamudzutse?"

"Sindidziwa, mayi. Amati adzadzutsa onse. Ine ndinakhulupirira, n'chifukwa chake ndinkayenda. Koma za chaka chathazo, sindidziwa."

Mayiyo anatenga lichero lake napita. Dositeyo anatsala akudzitukwana kuti mtumwi weniweni akanayankha bwino. Koma mvula yoyamba itagwa, Akima anauza mwamuna wake kuti akufuna madzi amene analowa Salimati, ndipo amayi ena awiri a ku Guba anati nawonso. Mokimu anang'ung'udza, anati iye ndi mbuzi zake atsala kwa wa paphiri, koma sanaletse.

Vuto linali lakuti mtumwi sakanatha kuima m'madzi. A Barilaha, amene anachita kuwoloka chigwa ndi ndodo yawo kudzaona zimenezi, anati palibe chovuta, abatize Zebina. Choncho Dositeyo anaonerera ali pachitseko, m'mphepete mwa kasupe, pamene woyenga mafuta ankabatiza anthu oyamba a ku Guba, dzina la Mzimu Woyera atatsala pang'ono kuliiwala. Anadzipeza akuwerengera zolakwa za Zebina, ndipo anadziwa kuti imeneyo ndi nsanje. Anaiyang'ana nsanjeyo, naiseka, koma siinachoke tsiku lomwelo.

Fupa linagwirana, koma linagwirana mokhota. Phazi linkaloza kumbali ngati likufuna kupita kwina. Chitseko chinabwerera pakhomo pake, ndipo Salimati anati tsopano agona osaopa afisi.

A Barilaha anamuitanira padera. "Mbale, tamvera. Mtumwi sagona katatu, koma mphunzitsi amakhala. Tula dzinalo, ukhale nafe. Guba ikufuna munthu."

"Mphunzitsi wa ulaliki umodzi, akulu?"

"Umenewo usadzaubwerezenso ndili moyo. Ndikunena tinkhani tija."

Dositeyo anaganizira. Anaganizira mphodza za Salimati, ndi tchizi cha Akima, ndi dzinja limene linali pakhomo. Mtima wake wonse unati khala, ndipo mimba inavomereza. Koma tinkhani tija Zebina anali atatidziwa tonse, ndipo ankatifotokoza bwino kuposa mwini wake. Komanso akulu a ku Antiokeya aja anati apite kum'mawa mpaka kumene midzi ithere, ndipo panalibe amene anabwera kudzamuuza kuti zasintha.

"Amene anandituma sanandiitane kuti ndibwerere," anatero. "Mwina anandiiwala. Koma sanandiitane."

Nkhalamba ija inalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chofunda.

"Mwambo umati mkate wokha, akulu."

"Sindikukupatsa. Ndikukubwereka. Chinzake chinapita ndi wakuba, ichi chipiteko ndi munthu."

Anamuperekeza mpaka pamwala wa malire, anapemphera, anapsompsonana, amayi analira. Iye ananyamuka. Koma njira ya kum'mawa kuchokera ku Zaita imakwera poonekera, ndipo kwathu sitibwerera m'nyumba mlendo asanazimiririke. Kale akanazimiririka misozi isanaume. Tsopano anthu anaima, naima, dzuwa n'kumakwera, iye akadali pompo, gwede gwede ndi ndodo yake. Akacheuka ankawapeza akadaimirira, akumubayibitsa ndi manja otopa. Kenako anamva mawu a Salimati akuwoloka mpata wonsewo.

"Atumwi! Kodi tikuphikireni nkhomaliro?"

Atakhota pathanthwe, pamene sakanamuonanso, anadzigwetsa pansi, nadya mkate wonse wa tsikulo nthawi imodzi.

Ali pomwepo kunatulukira munthu wa ngolo ya abulu, atanyamula mitsuko ya mafuta. Anaima, nayang'ana munthu wokhala pansiyo.

"Bambo, ulendo wa kuti?"

"Kum'mawa."

"Kum'mawa kuti?"

"Kumene kuli anthu. Ndine mtumwi, wotumidwa."

Wangoloyo anayang'ana phazi lokhota lija, nayang'ana phiri limene linali kutsogolo.

"Amene anakutumaniyo analibe wina?"

"Funso limenelo ndinamufunsa kale. Sanandiyankhe."

Munthu uja anaseka, nasuntha mtsuko umodzi. "Kwerani. Koma musandiswere katundu. Ndiye uthengawo ndi wotani? Njira ndi yaitali, ndipo abuluwa nkhani zawo ndinazimva zonse."

Dositeyo anakwera movutikira, nadzipanikiza pakati pa mitsuko, mwendo ataulozetsa kunja. Ngolo inagwedezeka n'kuyamba kukwera.